Chaka Chimene Ndinatseka Geti la Chipatala

Ana inu, ndamva kuti kusukulu mukumauza anzanu kuti agogo anu anali dokotala. Lekani zimenezo. Ine jekeseni sindinabayepo ngakhale nkhuku. N'zoona kuti ndinayang'anirapo chipatala china cha boma m'dera lathu lino la Lundazi, koma ndinachiyang'anira ndi makina otayipira ndi mulu wa makiyi. Popeza mwayamba kundikweza chotere, ndi bwino mudziwe kuti m'chaka chimene ndinali mkulu wa chipatalacho mayi wanu Temwa anatsala pang'ono kufa chifukwa cha pepala limodzi limene ndinatayipa ndi zala zangazi. Iye sakukumbuka, anali ndi zaka ziwiri. Iwe Chisomo, leka kuseka, zala zimenezi zinali zowongoka nthawi imeneyo.

Ndinaphunzira za kayendetsedwe ka maofesi kukoleji ku Lusaka. Masiku ano mumakwera basi m'mawa, madzulo mwafika, n'kumadandaula kuti msana ukupweteka. Ife tinkagona ku Chipata, pabenchi, titatsamira katundu kuopa akuba, ndipo kuchokera ku Chipata kubwera kuno basi inkayenda ngati ikupempha chilolezo kwa dzenje lililonse. Ndinafika kuno ndi satifiketi, mataye awiri a pasalaula, pamsika wa zovala zakale, ndi mutu wodzaza ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira.

Ntchito yanga yoyamba inali yothandiza mkulu wa chipatala, dokotala wachikulire dzina lake a Sakala. Ofesi yawo mukanaiona mukanawamvera chisoni. Makalata ochokera ku Chipata ankatha mwezi osatsegulidwa. Fayilo ina inali pansi, ikuchirikiza mwendo wa tebulo. Denga la wodi ya amuna linkadontha, mabulangete ankasowa mwezi ndi mwezi, ndipo mafuta ophikira a kukhitchini ankapezeka akugulitsidwa m'timabotolo kumsika. Ndikawauza ankangoti, "Lemba, mwana wanga, ndisayina," n'kuthamangira kuwodi.

Kuseri kwa mawodi kunali mitengo ya mango, ndipo pansi pake pankakhala mudzi wathunthu. Inu mumadziwa zoti wodwala amabwera pa njinga yamoto ndi munthu mmodzi. Kale munthu akadwala ku Kapichila kapena ku Mwase Lundazi ankabwera pa ngolo ya ng'ombe, ndipo m'ngolomo munkakhalanso mkazi wake, achimwene ake, amalume, thumba la ufa, nkhuni, mtedza wotendera ndiwo, ndi nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo. Ulendo unali wautali, ndiye wobwera ankakhala mpaka wodwala achire kapena amwalire. Mafuwa anali paliponse. Zovala zinkayanikidwa pampanda. Utsi unkalowa mpaka mu ofesi, moti makalata anga onse ankanunkha kapenta.

M'mawa uliwonse, asanalowe muwodi, a Sakala ankayenda pansi pa mitengo ija. Ankatsagana ndi a Mtonga, kiliniko ofisa wathu, ndiye kuti munthu wophunzira za matenda amene amagwira ntchito ya udokotala dokotala akakhala kulibe. A Mtonga anali munthu wamfupi, wadazi, wosachedwa kuyankha. "Monire mose!" ankatero a Sakala, ngakhale Chitumbuka chawo chinkathera pomwepo. Ankafunsa za fodya, za ng'ombe, za mvula. Popereka moni ankamugwira munthu dzanja nthawi yaitali n'kumayang'ana chikhatho chake. Kenako a Mtonga ankatenga anthu awiri kapena atatu kupita nawo kulabu, koyezera magazi, n'kulemba zinazake m'kabuku ka m'thumba. Ine ndikayang'ana pawindo ndinkangoona ola lathunthu likutayika pa macheza.

Agogo anu aakazi, Esinati, anali mphunzitsi wa kupulayimale, kwawo ku Mwase Lundazi. Ndinawadziwira pa msika wa Lundazi, akukangana ndi wogulitsa mpunga amene chitini chake choyezera chinali chophwanyidwa pansi. Iwe Tiwonge, kukamwa kwakoko unatengera kumeneko. Tinakhala m'banja zaka zitatu. Anapita ndi matenda oumitsa khosi, m'masiku atatu, m'chipatala momwemo, a Sakala ataima pambali pa bedi. Palibe amene analakwitsa. Mayi wanu anali asanayambe kuyenda. Chimene ndikufuna mudziwe n'chakuti titatulutsa thupi, amayi a pansi pa mango, amene sankawadziwa n'komwe, ananyamuka onse n'kuyamba kulira, kutiperekeza mpaka pageti. Ankatero kwa aliyense. Zina za masiku amenewo tizisiye.

Apongozi anga, NyaMvula, anabwera kudzalera mwana. Ine ndinkachoka kunyumba mwana asanadzuke n'kubwerera atagona. Koma kuntchito nakonso sabata sinkatha kulira kuja kusanadutse pansi pa windo langa, ndipo kukayamba ndinkasiya kutayipa mpaka kuthe.

Zimenezi zinali m'zaka za m'ma 1990, boma litasintha, chaka cha njala chija cha ufa wachikasu chitadutsa. Kunabwera maganizo atsopano akuti chipatala chiziyendetsedwa ndi bodi ndi manijala, ngati kampani. A Sakala anapuma pa ntchito, dokotala wina sanabwere msanga, ndipo a bodi anayang'ana amene analipo. A Mtonga anali atagwira ntchito zaka zambiri kuposa zimene ine ndinakhala pasukulu, koma malipoti awo ankawalemba kuseri kwa timapepala tokutira mankhwala. Ine ndinali ndi satifiketi ndi taye. Anasankha ine.

Musaganize kuti ndinali wopanda pake. Denga linakonzedwa. Bulangete lililonse linadindidwa nambala ndipo linaleka kuyenda. Mafuta a kukhitchini anayamba kufika m'ndiwo za odwala. Ndinaika mabenchi pamene anthu ankadikirira ataima padzuwa, ndipo anamwino anayamba kudziwa sabata isanayambe kuti ndani agwira masana, ndani agwira usiku. Akuluakulu ochokera ku Chipata anabwera, anazungulira, nati chipatala chasintha. Koma atafika kuseri n'kuona utsi anagwira mphuno. Mmodzi anafunsa ngati tatsegula msasa wa othawa nkhondo.

Tsiku lomwelo ndinatayipa chidziwitso. Inu simudziwa kaboni, kapepala kakuda kopyapyala kamene tinkaika pakati pa mapepala kuti makalata atuluke atatu nthawi imodzi. Ukalakwitsa chilembo chimodzi, walakwitsa katatu. Ine sindinalakwitse chilembo. Wodwala aliyense akhale ndi womudikirira mmodzi yekha. Kuphika ndi kugona pabwalo la chipatala n'koletsedwa. Geti lizitsegulidwa pa ola loona odwala basi. Ndinkauza anthu kuti n'chifukwa cha ukhondo, ndipo zinali zoona, zimbudzi zinali zitadzaza. Chifukwa china sindinachilembe: sindinkafunanso kumva kulira kuja.

A Mtonga analowa mu ofesi osagogoda, pepalalo lili m'manja.

"Bwana, mwalemba bwino. Chinyanja chake chosalala. Koma magazi tizikawatenga kuti?"

"Kulabu kuli firiji, ba Mtonga."

"Ija imazima pamodzi ndi magetsi ija? Filiji yathu yeniyeni ndi anthu aja. Adzidyetsa okha, sawola, ndipo ukawaitana abwela ndi miyendo yawo."

Anandionetsa kabuku kaja. Munali dzina la munthu, mudzi wake, ndi gulu la magazi ake. Anandifotokozera kuti a Sakala poyang'ana chikhatho ankaona amene ali ndi magazi okwanira opatsako wina. Anatinso munthu wa kumudzi sapereka magazi kwa mlendo. Ena amaopa kuti akagulitsidwa, ena amaopa kuyezedwa matenda aja amene anali atayamba kumaliza anthu. Koma amene wakhala pabwalopo masiku angapo, wapatsidwa moni ndi dokotala, waona mwana wa mnzake akudzuka atathiridwa magazi, ameneyo ukamuitana amabwera.

"Pali fomu yoitanitsira magazi ku Chipata," ndinatero. "Tizitsata njira yake."

"Fomuyo magazi ake ndi a gulu lanji?"

"Ba Mtonga, inu samalani odwala. Bwalo ndi langa."

Anandiyang'ana, n'kubweza kabuku m'thumba. "Mvula ibwela, bwana," anatero, n'kutuluka.

Mlonda wathu, a Ngoma, msilikali wakale wokonda lamulo kuposa chakudya, anasesa bwalo lonse m'masiku awiri. Mafuwa tinataya. M'malo mwake tinadzala maluwa n'kuwazunguliza ndi miyala yopaka laimu. Kunali zii. Chilimwe chonsecho zinthu zinayenda bwino, ndipo ndikakumana ndi a Mtonga pakhonde ndinkawapatsa moni wa munthu amene wapambana.

Kenako kunabwera mvula, inswa, bowa, ndi malungo. Malungo akagwira mwana wamng'ono amamudya magazi. Zimenezi lero ndimazidziwa. Nthawi imeneyo ndinkangodziwa kuti kumapeto kwa mwezi kumabwera fomu ya amene amwalira, ndipo ndinkaisayina. Inali yaitali kuposa ya m'chilimwe. Ndinkati ndi nyengo.

Pa mwambo wathu mpongozi salankhula ndi mkamwini maso ndi maso. NyaMvula akafuna kundiuza kanthu ankaima kuseri kwa chitseko, ine n'kumayankha khoma. Koma m'mawa wina mu Januwale analowa mpaka pabalaza n'kundigwira mkono.

"Dada, mwana walwara chomene."

Temwa anali atatentha thupi masiku awiri, ndipo tinkamupatsa mapiritsi. Tsopano sankaliranso. Ankangopuma mofulumira ngati mwanapiye. Ndinamunyamula mpaka kuwodi ya ana, apongozi akuthamanga pambuyo opanda nsapato.

A Mtonga anamutsitsa chikope cham'munsi ndi chala. "Onani apa. Payenela kukhala pofiila." Panali poyera ngati pepala. "Mankhwala a malungo timupatsa, koma afunika magazi lelo, dzuwa lisanalowe. Mawa sipazakhala womuthila."

Ndinapinda mkono wa malaya n'kupita kulabu. Anandiyeza, koma magazi anga sanagwirizane ndi ake. Mwana anatenga a mayi ake. NyaMvula anapereka mkono wawo, a Mtonga n'kuubweza mwaulemu, poti anali okalamba ndi owonda. M'firiji munali botolo la madzi akumwa basi. Fomu yoitanitsa magazi ndinali nditaitumiza masabata awiri apitawo, ndipo yankho linali lisanabwere. Inu mukanangotulutsa foni m'thumba. Ife foni inali imodzi, ya pa tebulo langa, ndipo mvula ikagwa inkangolira ngati njuchi. Galimoto ikanapita ku Chipata pa msewu umene uja ikanabwerako mawa. Ana a kusekondale, amene nthawi zina ankatithandiza ndi magazi, anali asanatsegulire sukulu.

"Nanga ogwira ntchito?" ndinafunsa.

"Amene magazi athu agwilizana ndi mwanayu tilipo atatu. Tonse tapeleka kale kuyambila pa Khilisimasi, ine kawili. Mukanditapanso muzandigoneka pa bedi ili apa."

Aka kanali koyamba kumva kuti anamwino akhala akupereka magazi awo kwa ana a muwodi. Panalibe fomu imene inkanena zimenezo.

"Nanga kabuku kaja?"

Anakatulutsa. Tsamba lomaliza linali la sabata imene ndinatseka geti. Anthu ake anabwerera kwawo kalekale.

"Anthu anu aja sanathe onse," anatero. "Amene alibe kothawila agona kuseli kwa chigayo, kumsika. Ine sindingamusiye mwanayu. Pitani inu. Koma musakaime pakati pa msika na taye yanuyo n'kukuwa kuti mufuna magazi, azakugendani."

Ndinavula taye n'kuika m'thumba. Kunja kunali kuwaza. Ndinadutsa pakati pa ogulitsa mango omaliza ndi chimanga chowotcha choyamba, osayang'ana munthu. Kuseri kwa chigayo ndinapeza anthu pakhonde la sitolo yotsekedwa, ena pansi pa mapulasitiki omangirira ku ngolo. Nkhuni zinali zonyowa, ndipo utsi unkangoyenda pansi. Mayi wina amene ankapakulira nyemba m'kambale kovindikira ndiye anayamba kundiona.

"Eee, taonani, bwana wa maluwa! Mwabwela kutithamangitsanso? Kuno n'kwa kanselo, dada, si kwanu yayi."

Anthu anaseka.

"Monire mose," ndinatero. Anayankha awiri okha.

Mawu amene ndinakonza m'njira anandithawa. Ndinangoti kuwodi kuli mwana wofunika magazi lero, ndipo ndikupempha amene angathe kuti akayezedwe. Bambo wina wamtali anaimirira. Anali a Nyirenda, mlimi wa fodya wa ku Kapichila, amene mkazi wawo anali muwodi ya amayi.

"Mwana wa ndani?"

"Wanga."

"Oho. Wanu." Anayang'ana anzawo. "Sabata yatha anali wa Zgambo. Abale ake Zgambo anabwelela kumudzi, poti pano pogona palibe. Ife tinamva madzulo, mwana atapita kale. Palibe anabwela kuzatiuza."

A Nyirenda anatembenukiranso kwa ine.

"Akutumani ba Mtonga?"

"Inde."

"Akanabwela okha. Iwo tiwadziwa."

"Ali ndi mwanayo. Sangachoke."

Chigayo chinkalira. Wina anapitiriza kupemerera moto wake ngati kuti ine palibe. Mayi wa nyemba uja anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Dzina lake anali NyaBanda. Mwamuna wake anali muwodi ya amuna ndi mwendo wothyoka, ndipo kawiri pa tsiku ankayenda ndi chakudya kuchokera kuchigayo kuja, n'kukafika nacho chitazizira.

"Mayi wake ali kuti, kuti mubwele inu?"

"Anamwalira."

Anavindikira mbale yake, n'kuimanga pa nsalu. "Tiyeni, imwe. Mwanayo sanatayipe kanthu."

Ananyamuka anthu asanu ndi mmodzi, a Nyirenda pomaliza. Tinayenda mundandanda m'matope, ine patsogolo. Titafika pageti a Ngoma anagunda sawasha.

"Bwana, ola silinakwane."

"Tsegulani, ba Ngoma."

"Ndipo awa achuluka. Lamulo likuti mmodzi." Analoza pepala langa, limene anali atalikuta ndi pulasitiki kuti lisanyowe, siginecha yanga ili pansi.

"Muwelengeleni, ba Ngoma," anatero a Nyirenda. "Mwina waiwala."

Ndinalimatula pepalalo, pathabwa n'kutsala misomali inayi. A Ngoma anayang'ana misomaliyo ngati ndawagwetsera nyumba.

"Manje ndizitsata chani, bwana?"

"Tsegulani, ndipo musatsekenso."

Kulabu anthu aja anaima pakhomo, osafuna kulowa. Mmodzi anali atayamba kale kuyang'ana njira yobwerera. A Mtonga anatuluka muwodi kwa kanthawi, n'kupereka moni kwa aliyense ndi dzanja, m'Chitumbuka. Anafunsa mudzi wa aliyense. Mmodzi wa iwo a Mtonga anamuuza kuti amawadziwa amalume ake, amene anawachotsapo dzino n'kulumidwa chala. Anthu anaseka, n'kulowa. Zimene zinanditengera m'mawa wonse iwo anazimaliza ataima ndi mwendo umodzi pakhomo.

Awiri magazi awo anagwirizana ndi a Temwa. Mmodzi wa awiriwo a Mtonga anamutengera pambali, analankhula naye motsitsa mawu, ndipo anachoka atawerama, poti magazi ake anapezeka ndi matenda aja. Anatsala NyaBanda. Anagona pabenchi, anatembenukira kukhoma kuti asaone singano.

"Koma mundipatse tiyi wa shuga wambili," anatero. "Osati madzi ofiila aja mupatsa amuna anga."

Pamene thumba la magazi linkapachikidwa pambali pa bedi la mayi wanu, dzuwa linali litapendeka. Mitsempha ya m'manja inali itabisala, ndiye a Mtonga anamumeta pang'ono n'kubaya pamutu. Ndinakhala pa kampando, kuyang'ana madontho akutsika limodzi limodzi. NyaMvula anakhala pansi, mbali ina ya bedi, akupemphera osatulutsa mawu.

"Zitheka?" ndinafunsa.

"Sindidziwa. Tachedwa. Ndaonapo ochedwa kuposa apa akudzuka, ndaonaponso ofulumila akupita."

"Bwanji simunandiuze kuti anamwino akupereka magazi awo?"

"Ndinabwela kamodzi, munati bwalo ndi lanu." Anakonza kapaipi ka magazi kamene kanali katapindika. "Inu bwana simuli oipa. Ba Sakala denga linawalephela, inu mwalikwanitsa. Koma iwo akamasayina pepala ankaona nkhope ya amene lizamugwele. Inu muona pepala."

Pano ndidumphe pang'ono, chifukwa iwe Chisomo ukuti ukufuna kudzakhala bwana. Mwezi womwewo ndinalembera a bodi kuti mpando uperekedwe kwa munthu wodziwa za odwala, ine ndibwerere pa ntchito yothandiza. Poyamba anakana, nati ndi chisoni chikundilankhulitsa. Ndinalembanso. Patapita miyezi anabwera dokotala wachitsikana wochokera ku Lusaka. Makalata nayenso sankatsegula, anthu amenewa ndi amodzi, ndinkatsegula ine. Koma tsiku lake loyamba, asanafunse za nyumba yake, anafunsa kuti magazi timawatenga kuti. Kuseri kuja tinamangako khitchini ya malata ndi zimbudzi zatsopano, moti anthu anabwerera ndipo utsi unaleka kulowa muwodi. Zimenezi zikanatheka kuyambira pachiyambi ndikanafunsa. Kuchokera apo ndagwira ntchito pansi pa akuluakulu ambiri. Ndaonapo dokotala wanzeru amene anasiya mankhwala kuwonongeka m'sitolo chifukwa chotaya makiyi, ndiye sindikuti aliyense wovala chovala choyera amadziwa kuyendetsa chipatala. Koma kumene mkulu anali munthu woti anaimapo pambali pa bedi, ife a mapepala tili pambali pake, odwala ankatuluka ndi miyendo yawo ambiri. Ine mpaka ndinapuma pa ntchito sindinakhomenso pepala lililonse lisanadutse kuwodi.

Tibwerere kwa mayi wanu. Magazi anatha kulowa dzuwa litangolowa. Sanadzuke. A Mtonga ankabwera, ankamugwira pamimba, ankasuzumira pansi pa nsalu imene anagonera, n'kuchoka. Ine sindinkadziwa chimene akufuna, ndipo ndinkaopa kufunsa.

Kutacha NyaMvula anapita kukasamba m'maso, ndipo ndinamunyamula mwana n'kumuika pamiyendo. Ndinali ndi zovala zomwe zija za kumsika, matope atauma m'mawondo. Maso anali chitsekere. Kupuma kunali kutachepa liwiro, ndipo ine, wosadziwa, ndinkaganiza kuti ndiko kutha kwake. Ndinayamba kuwerenga mpweya wake, umodzi umodzi.

Ndiye ndinamva kutentha pantchafu. Kunatsika mwendo wonse, kulowa munsapato, mpaka pansi panachita kachithaphwi. Ndinayamba kudzuka.

"Ba Mtonga, mwana wanyowetsa apa. Aitaneni okolopa."

Anabwera chothamanga kuchokera kumapeto kwa wodi. "Asakolope munthu! Khalani pansi, bwana." Anawerama, manja pamawondo, kuyang'ana kachithaphwi kaja ngati mlimi woyang'ana mbewu yomera. "Kuyambila dzulo ndidikila zimenezi. Impso zauka. Onani kuyela kwake!" Anamutsitsa chikope. Panali patayamba kufiira. Anatembenukira kukhomo n'kukuwa, "Sisita, bwelani muone lipoti la bwana! Mwezi uno sitinalembeko labwino chonchi."

Wodi yonse inaseka, ngakhale amayi amene ana awo anali asanadzuke. Phokosolo ndi limene linamutsegula maso mayi wanu. Anandiyang'ana mokwiya, monga amakuyang'anirani inu mukabwera mochedwa, n'kuyamba kulira kufuna agogo ake.

Musakamuuze kuti ndakuuzani zimenezi. Ine ndinakhala pa kampando kaja ndi thalauza lonyowa mpaka dzuwa linakwera, ndipo palibe amene anandiuza kuti ndikasinthe.